Zidindo Makumi Atatu ndi Chimodzi

Seoul, 14 Novembala

Achemwali anga a Mi-ok,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Jeju. Makutu a Amayi aja akuwavutabe? Nanga bondo la alamu lili bwanji ndi kuzizira kwayambaku? Ine thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi. Manachesi munatumiza aja anafika. Ndagawira onse a mu ofesi mwathu kupatula munthu mmodzi, ndipo kalatayi ndi ya munthu ameneyo.

Mukudziwa kuti zaka ziwiri ndinkayenda khomo ndi khomo m'mudzi mwathu, kufunsa amayi olowa pansi pa nyanja kukatola nkhono za matenda awo. Amayi makumi atatu ndi mmodzi, kuphatikizapo Amayi athu, anandiuza zimene sauza ngakhale ana awo: kuti amamwa mankhwala a mutu atatuatatu asanalowe m'madzi, ndi kuti ena khutu linagontha kalekale koma amabisa poopa kuletsedwa ntchito. Anandiuza chifukwa ndine mwana wa mnzawo. Azakhali a Chun-ja mpaka anandikoka khutu, amvekere: "Iwe Da-som, ukakangoulula dzina langa, ndidzakumiza ndi manja angawa." Tinaseka, kenako anadinda chidindo cha dzina lawo pa fomu yovomereza kufunsidwa.

Sabata yatha kunali msonkhano waukulu wa za umoyo. Amene anaimirira kufotokoza kafukufuku wanga ndi a Tak Jun-seo, wophunzira amene ali patsogolo panga ndi zaka zitatu, yemwe ndimamuweramira m'mawa uliwonse. Munthu woti ku Jeju anangopondako kamodzi, kudzajambulitsa zithunzi za ukwati. Pa lipoti la kafukufukuyo dzina lake lili pamwamba, lotsatira ndi la aphunzitsi athu, a Pulofesa Pyo. Langa lili kumapeto, m'tizilembo ting'onoting'ono ta anthu othokozedwa.

Zimenezo ndikanameza. Koma achemwali, anaonetsa chithunzi cha Amayi pakhoma, nkhope yonse poyera, paketi ya mankhwala ili m'manja. Chithunzicho ndinajambula ine kuti ndizichiyang'ana ndikawasowa, iye anachitenga m'kompyuta ya mu ofesi. Anauza anthu kuti awa ndi amayi osaphunzira amene akudzipha okha, choncho boma liziwaletsa kulowa m'madzi akakwana zaka 70. Anthu anawomba m'manja. Ine ndinali kumbuyo, ndikugawira alendo madzi akumwa.

M'mawa mwake ndinakadandaula kwa a Pulofesa. Anandiuza kuti a Tak ayenera kumaliza chaka chino chifukwa ali pabanja ndipo ntchito ikuwadikira, ine ndine wamng'ono, nthawi yanga idzafika. Potuluka ndinakumana ndi mwini wakeyo pakhonde. Anandisisita m'mutu ngati mwana, ati: "Usatupe choncho, kamtsikana ka pachilumba iwe. Loweruka ndikugulira nyama yootcha." Ndinawerama n'kuthokoza.

Ndinene mosabisa. Ndikufuna munthu ameneyu agwe, ndipo ndikufuna ndidzakhalepo pakugwa pakepo.

Pa fomu imene amayi aja anadinda, mzere wotsiriza umati aliyense angathe kubweza mawu ake nthawi ina iliyonse, ndipo akatero zonse zimene ananena zifufutidwe. Ndinkawawerengera mzerewo mokweza mmodzimmodzi. A Tak sakuudziwa, poti fomuzo sanazigwirepo n'komwe. Komiti ya pa yunivesite pano yoteteza anthu ofunsidwa siseka ndi nkhani zotere, ndipo mayeso a digiri ya a Tak, imene yatsamira pa mawu a amayiwa, ali pa 20 Disembala.

Pempho langa ndi limodzi. Mu envulopuyi muli mapepala makumi atatu ndi limodzi obwezera mawu, komanso chithunzi cha khoma lija chimene ndinajambula pa foni. Mupite kunyumba yosinthira zovala ija amayi akatuluka m'madzi. Muwaonetse, muwafotokozere bwinobwino. Musakakamize aliyense. Wofuna adinde ndi chidindo chomwe chija, ndipo mapepalawo mutumize ku komiti, osati kwa ine. Adiresi ndalemba kumbuyo.

Ndikudziwa zimene munene, achemwali, kuti mkwiyo wanga ndi wa Bambo. Ndikudziwanso kuti digiri yanga yatsamira pa mawu omwewo. Akafufutidwa, zaka zanga ziwiri zapita, ndipo a Pulofesa sadzandilembera kalata yopezera ntchito mpaka kalekale. Mwina ndidzabwera kudzakuthandizani kuthyola manachesi. Chimene chikundiwawa n'chakuti Amayi anauza kale mudzi wonse kuti mu Febuluwale mwana wawo avala gauni yolandirira digiri, ndipo anasoketsa kale chovala cha tsikulo.

N'chifukwa chake muyambire kwa Amayi, muli awiriwiri. Musawabisire kanthu, ngakhale zoti chidindo chawo chifufutanso gauni yanga. Muwalankhulire kukhutu lakumanja. Akakana, mapepala onsewo muotche, ine ndikadye nyama ya a Tak Loweruka lina lililonse, ndimeze ndi malovu omwe. Koma akadinda, musachedwe ngakhale tsiku limodzi.

Mundiperekere moni kwa Amayi, alamu, amalume a Yong-pil ndi ana anu onse awiri. Azakhali a Chun-ja muwauze kuti dzina lawo sindinaulule, koma nkhope ya mayi anga ndalephera kuiteteza. Ndikubwera pa Chaka Chatsopano. Ngati akufunabe kundimiza, andipeza pagombe, sindithawa.

Ndine mng'ono wanu,
Da-som