Sitima ya M'buku Unatumiza Lija

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga ndi ana. Kuno tikudzuka ndithu, kupatula bambo. Miyendo yatupanso, ndipo maso aja saonanso.

Buku unatumiza lija linafika. Iwe ndiye umadziwa kuputa mavuto uli kutali! Poti bambo saona, ndimawawerengera ine pakhonde ndikaweruka kosoka.

Wolembayo ndi wabodza waluso. Akuti tiyerekeze kuti titangolandira ufulu, atsogoleri sanakangane. Njanji inamangidwa mpaka kumapiri, mafakitale anatsegulidwa, achinyamata sanathawe dziko. Masamba oyamba ndinkaseka. Pofika pakati ndinapsa mtima, chifukwa zonsezo zinali zotheka. Si bambo omwewa anayeza njira ya njanjiyo zaka zisanu ndi ziwiri, mapepala ake n'kuthera chiswe m'sutikesi?

Vuto ndi ili. Mutu wa bambo wayamba kusokonekera, ndipo akuyesa kuti ndikuwawerengera nyuzipepala. Dzana anati ndiwasitire jekete, akufuna akaone siteshoni yatsopano. Anandifunsanso kuti ukuvutikiranji kutsuka mbale m'dziko la eni ake pomwe kwanu kuno akulemba anthu ntchito. 

Ndiulule, sindinawauze zoona. Papita zaka zingati ndisanawamve akuseka? Buku linatha sabata yatha, koma ndikumalitsegulabe n'kumapeka zanga. Ndamanga kale zipatala ziwiri ndi mlatho. Ndikalitseka ndimanyamula ndowa kukaima pamzere wa madzi, pampope womwe uja unausiya, misozi ili chuchuchu. Bukuli ndadana nalo, mlongo wanga. Kale ndinkangovutika osaganiza kuti zikanatha kukhala mwina.

Adokotala akuti tisayembekezere kuti bambo aiona mvula ya chaka chino. Bambowo andituma kuti ndikuuze ubwere, ntchito ikukudikira. Ine ndikuti usabwere. Kuno kulibe kanthu, ndipo sindikuona kuti kudzakhala kanthu. Ndikudziwanso kuti ndi mapepala ako osakwanirawo, ukatuluka m'dzikomo sadzakulola kubwereranso.

Chomwe ndikupempha ndi kalata yokha, yoti ndiwawerengere. Ulembe kuti ukubwera pa sitima, utchule tsiku ndi ola lomwe, kuti aziwerenga masiku. Koma usankhe tsiku lakutali ndithu, la pambuyo pa mvula.

Mulungu akusunge kumeneko. Undiperekere moni kwa mlamu, ndipo ana uwauze kuti azakhali awo sanawaiwale.

Ndine mlongo wako,
yemwe ndinakubereka kumsana