Kompyuta yapatsa mwana wathu nyenyezi za 1900

Aphungu,

Ndimagwira ntchito yowerengera katundu pa fakitale ya sopo, koma madzulo ndimasindikizira anthu mapepala a nyenyezi zakubadwa pa kompyuta yanga. Ndikalemba tsiku ndi ola, imandiuza nyenyezi imene mwezi unali nayo, ndiponso liwu loyambira dzina la khandalo. Ana ambiri mumsewu mwathu mayina awo anachokera patebulo panga.

Mkazi wanga Nagaveni ndi woyembekezera, ndipo adokotala akuti tidikire chakumayambiriro kwa Januwale. Mtima wanga sukhazikika, choncho ndinayeseza kulemba 01-01-00. Pepala linatuluka likunena kuti tsikulo ndi Lolemba, mwezi uli mumdima, dzina liyambe ndi "Bhu". Kalendala yapakhoma ikuti Loweruka. Ndinabwereza mpaka riboni inatha inki. Kompyutayo ikuwona thambo la 1900 m'malo mwa la 2000.

Chondichititsa manyazi n'chakuti thambolo ndalikonda. M'basi ndimangopezeka ndili m'chaka chimenecho: msewu wathu wopanda mawaya, ngolo zikubwera ndi mtedza wa areka, kamtsikana kakuyenda pakati pa ng'ombe mosafulumira. Ndinakatcha Bhuvana. Nthawi zina kamakhala ka zaka zinayi, nthawi zina tsitsi lonse lili mbuu, koma nthawi zonse kamandidziwa. Dzana ndinapitirira siteji yanga.

Nagaveni anandipeza ndikuyang'ana khofi wozizira. Anati, "Inu, mwakwatira wina m'bokosimo? Mundiuze ndimuphikireko." Apongozi nawo amauza aliyense kuti, "Ife sitikavutitsa ansembe owerenga nyenyezi, mkamwini ali ndi makina osanama."

Sindinawauze za vutoli. Ndikuopa kuti mwana wanga adzasenza dzina la nyenyezi imene si yake moyo wake wonse. Ndikuopanso kuti ndikakonza makinawa, Bhuvana adzapita. Nditani?

H.S.R., Shimoga

Bambo H.S.R.,

Tsikani m'basimo, tikambirane.

Yambani mwakopera zonse za makasitomala anu pa madisiki, muwasunge kutali ndi chinyezi. Kenako pitani pamene kompyuta imasankhira kalembedwe ka tsiku, musinthe kuti chaka chizilembedwa ndi manambala anayi, osati awiri. Inunso dzanja lizolowere: 2000, osati 00. Mukatero kankhirani wotchi yake ku mphindi zomaliza za Disembala, muizimitse, mudikire pang'ono, muiyatse. Ikadzuka mu 2000, zili bwino. Musaiwale kubwezera wotchiyo, mungasokoneze ana a eni ake obadwa sabata ino.

Koma musanyengeke ndi zooneka pagalasi. Ngati pulogalamu ya nyenyeziyo ili ndi malo a manambala awiri okha, kusintha kumeneku n'kungopaka utoto khoma long'aluka. Yesaninso tsiku lija. Ikanenanso Lolemba, pitani kwa amene anakugulitsani akupatseni yatsopano, ndipo musasindikizire munthu wa Januwale kufikira zitatheka. Mwana akabadwa, yerekezani pepala lanu ndi buku la nyenyezi la chaka cha 2000. Kufunsa ansembe sikuchotsa kanthu pa ulemu wanu.

Auzeni akazi anu lero. Akudziwa kale kuti pali china, ndipo chimene akuganiza n'choipa kuposa choonacho. Apongozi adzang'ung'udza, kenako adzauza msewu wonse kuti mkamwini wawo anagwira makina akunama.

Za Bhuvana sindikusekani. Bambo aliyense woyembekezera mwana amakhala ndi mwana wam'maganizo, ndipo wanu wakusungani bwino. Ngati dzinalo silikuchoka, likhale lapakhomo, palibe lamulo loletsa. Koma mukumbukire kuti angabwere mnyamata, angachedwenso sabata yathunthu, pansi pa nyenyezi imene simunaiganizire n'komwe.

Chenjezo langa ndi ili: pa tsiku la mwambo wopatsa mwana dzina, mukadzawerama kuti mumunong'oneze dzina kukhutu, simudzapatsidwa mpata wofufuta. Muyambe mwamuyang'ana nkhope, mudziwe amene wabwera, kenako mulankhule.

Aphungu