Dzimbiri la mu Injini ya Bambo

Okondedwa bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi. Nanga bondo lija likuvutabe? Ine kuno ndili bwino, kungoti manja anasiya kuyera chifukwa cha girisi.

Ndikulemba za injini yanu ya boti ija, imene yachititsa kuti achemwali asaponde pakhomo panu zaka ziwiri tsopano. Inu munati amuna awo, alamu anga, atabwereka anaigwetsera m'madzi n'kubisa, iwo anakana mpaka kulumbira. Chonde werengani mpaka kumapeto, musang'ambe.

Sabata yatha kuntchito kwathu kunabwera injini yakale ngati yanuyo. Chingwe cholizira chinali gwa, osatheka kukoka. Abwana anga, amene timawatcha a Sipanala, anandikankhira ine, ati aone ngati chaka chonsechi ndaphunzirapo kanthu kapena ndimangowathera sopo. Nditamasula mapulagi ndinapeza ali ofiira ndi dzimbiri, m'mabowomo mukutuluka timadzi. Kuunika ndi tochi, silinda yonse psuu, pisitoni itamatirira. Ndinathamangira kunena kuti gasiketi yotchinga madzi kuti asalowe m'silinda yapsa. Kutsegula mutu wa injiniyo, gasiketi ili bwinobwino! A Sipanala anandiseka mpaka kutsokomola.

Kenako anafunsa mwini wake mmene amaisungira akachoka pamadzi. Iye anati amaigoneka pansi, mwendo wake wokhala ndi pulopela yopalasa madzi atautsamiritsa pa tayala kuti usakandike. A Sipanala anapukusa mutu. Anandifotokozera kuti mwendo ukakwera kuposa mutu, madzi otsala m'njira ya utsi amatsetserekera m'silinda, dzimbiri n'kumadya mwakachetechete. Ukatsegula umangoti injiniyi inamira, chonsecho sinamire ayi.

Bambo, pomwepo ndinakumbukira injini yanu. Tsiku limene alamu anabweza injini yanu inkalira bwino, ndinaimva ndi makutu angawa. Amene anainyamula kukaiika kuchipinda cha katundu ndine. Ndinaigoneka mutu pansi, mwendo pa thumba la simenti, ati kusamala pulopela, ndipo inakhala choncho miyezi itatu. Alamu alibe mlandu. Anapha injini yanu ndine, ndipo zikundiwawa kwambiri kuti achemwali akhala akulira chifukwa cha umbuli wanga.

Ya kunoyi sindinaigonjere. Ndinathira oyilo pa pisitoni masiku anayi, ndikugogoda pang'onopang'ono ndi kamtengo, ndipo dzulo yasuntha. Lero ndakhalira kupala dzimbiri. A Sipanala asiya kuseka, akungozungulira chapafupi ngati sakuona. Yanunso idzuka basi, ndatsimikiza mtima. Pa tchuthi ndikubwera ndi zitsulo zanga, ndipo sindibwerera kuno isanalire.

Pempho langa ndi limodzi. Injiniyo ikufunika kuiimika mutu m'mwamba, n'kuthira oyilo m'mabowo a mapulagi kuti aziloweratu. Ndi yolemera, bondo lanulo silingalole. Musaitane munthu wina aliyense. Tumizani uthenga kwa alamu kuti adzakugwirireni mbali inayo, ndipo abwere ndi achemwali komanso mdzukulu wanu amene simunamunyamulepo uja.

Mundiperekere moni kwa amayi, azakhali ndi amalume. Kwa alamu ndalemba kale kupepesa. Mawu onse amene munawakalipira nawo aja musataye, mundisungire, mwini wake ndikubwera.

Ndine mwana wanu,
mzime uja wa manja akuda.