Imfa ya Che Kassimu

Lamlungu, 12 Sepitembala 2004

Sindinagone. Osati chifukwa cha wailesi ya anyamata a chipinda chinacho, iyo ndinaizolowera. Ndi mawu a Amayi pa foni dzulo. Akuti bambo awo, Agogo Selemani, ayamba kuwabwerera kumaloto. Amangoima pakhomo, osalowa, osalankhula. Amayi akufuna kuwachitira sadaka Ramazani isanayambe kuti awasiye, koma shehe wa kwathu ku Namwera wakana. Akuti duwa ya akufa, pemphero lija, sawerengera munthu amene palibe akudziwa ngati anafadi. Ndiye ntchito yagwera ine. "Safiya, iwe uli ku Joni komweko, sukulu unapita, kafufuze."

Ngati kuti Joni ndi msika wa Namwera woti ungauzungulire ukufunsa.

Ndinene pano poti palibe awerenge: munthuyu sindimufuna. Anachoka mu 1958 Amayi ali kamwana, basi zii. Ana a anzake amene anabwera kuno ankalandira mabulangete, masuti, nsapato. Amayi anaponda pansi mpaka kukwatiwa. Agogo aakazi anamwalira akumutchula "mtchona uja", dzina lake anasiya kulitchula. Chimene Amayi amakumbukira n'chimodzi, dzanja lamanzere lopanda zala ziwiri, nkhwangwa inadula. Ndiye ine ndisiye kuchapa ndi kusita ku Queenswood ndizikafuna mtchona wa zala zoperewera, amene mwina ali pa Mamelodi pomwepa akudya nyama ndi zidzukulu za mkazi wina.

Astaghfirullah. Ndi kholo langa. Koma ndalemba kale.

Lachinayi, 16 Sepitembala

Tsiku langa lopuma lathera ku Akaivi, nyumba ya boma yosungira mapepala akale. Amene anandilozera ndi madamu a kuntchito kwanga, iwo amapitako kukafuna makolo awo amene anabwera pa sitima ya pamadzi. Chikwama umasiya mu loka, cholembera cha inki salola, pensulo yokha. M'kati muli zii ngati mu mzikiti, koma anthu ake akupembedza makatoni. Nkhalamba zachizungu zaweramira mapepala, wina wapeza kuti agogo ake anali ndi ngolo ndi ng'ombe, mpaka kupukuta misozi. Ine ndinati m'mtima, amene ankazidyetsa ng'ombezo muwapeza katoni iti?

Pa kauntala pali mayi wina wa Chipedi, kuno amati sesi, wa magalasi, waulemu ndithu. Ndinamupatsa moni wa kuno, dumela wanga wopotoka, anaseka. Tinafuna Selemani pa kompyuta. Anatuluka angapo, wina wa sitolo ku Durban, wina wa mlandu wa njinga mu 1934. Wa ku Nyasaland, wa zaka zathu, palibe. Sesi anati, "Anthu anu ambiri ankabwera okha, wapansi, osalembetsa. Boma linkamulemba munthu akalakwa kapena akafa."

Ndiye wathu sanalakwe, sanafe. Anangotiiwala.

Swala ya masana yandidutsa ndili pa mzere wa takisi. Zonsezi chifukwa cha iyeyo.

Loweruka, 18 Sepitembala

Achimwene Yahaya anabwera kuchipinda kwanga kuno ku Gezina, atapaka mafuta onunkhira ngati akupita kukafunsira. Akasitomala awo pa shopu yosokera amawaitana Ismaili, chifukwa anadutsa malire ndi pasipoti ya msuweni wathu Ismaili. Nkhope n'zofanana, ndipo anyamata a kwathu amabwerekana choncho ngati akubwerekana khasu. Ndawauza kangapo kuti ndi bodza pamaso pa Allah. Amati Allah amawadziwa dzina lawo lenileni.

Nditawafotokozera za ku Akaivi anaseka mpaka kutsamwa tiyi.

"Eish, Safiya, ukukhulupirira mapepala a Mabunu? Anthu amene anapha Che Kassimu ali moyo?"

Nkhani ija yosatha. Che Kassimu ndi amalume awo a Amayi, mlongo wa Agogo aakazi, telala wa pa Namwera amene sanafikepo ngakhale pa Mwanza. Chaka china kalekale mesenjala anawaitanira ku boma ku Fort Johnston, mzungu n'kuwauza kuti kwabwera uthenga wochokera ku Pretoria woti Kassimu wa mudzi wakutiwakuti wamwalira. Iwo ali chiimire pamaso pake! Anabwerera kumudzi akuseka, mudzi wonse n'kuseka nawo. Mpaka lero pa ukwati uliwonse amaimirira n'kuti, "Mpatseni mpunga wambiri malemuyu." Ifenso tinakula tikuseka. Nkhaniyo ikatha aliyense amati, azungu nzeru za ndege ali nazo, koma kusiyanitsa wamoyo ndi wakufa kunawakanika.

Achimwene akuti Lachinayi apita nane. Osati kukathandiza, ndikuwadziwa. Akuganiza kuti mtchona anasiya nyumba ku Mamelodi yoti akalowemo.

Lachinayi, 23 Sepitembala

Manyazi. Pakhomo analemba m'buku la alendo kuti Ismaili, ine ndikuona. M'kati anayamba kulankhula mokweza ngati ali pa renki ya matakisi, nkhalamba zonse kutembenuka. Kwa sesi uja, "My sister, my sister," mano onse panja, mkazi wa msinkhu wa Amayi.

Selemani sanapezeke ndithu. Tinayesa mayina a midzi, tinayesa zaka. Achimwene atatopa anati, "Tangolembani Kassimu, tione pamene munamuphera." Sesi sanamve nthabwalayo, anangolemba. Ndipo zinatuluka. Kassimu, wa ku Nyasaland, Pretoria, 1961, fayilo yofufuza za imfa.

Achimwene anaomba m'manja mpaka mlonda anasuzumira. Akufuna fotokope, aiike mu felemu, aitumize pa basi kuti Che Kassimu aipachike pamwamba pa makina awo. Inenso ndinaseka, ndisaname. Taitanitsa fayiloyo, koma nthawi inali itatha, ndipo mawa ndi holide.

Lachisanu, 24 Sepitembala

Holide ya eni dziko. Ine ndasita malaya a bwana tsiku lonse.

Lolemba, 27 Sepitembala

Amayi aimbitsa uthenga kudzera kwa Enifa wa pa telefoni byuro. Maloto aja akupitirira, ndipo miyendo yayambanso kutupa. Akufunsa ngati ndapeza kanthu. Ndayankha kuti ndapeza zoti aseke.

Lachiwiri, 28 Sepitembala

Ndinanamiza madamu kuti ndikupita ku kiliniki. Allah andikhululukire, ndinkafuna kungotenga fotokope ija ndithane nazo.

Fayilo yake ndi yopyapyala, yomanga ndi kachingwe, ya Chiafrikaans. Sesi anakhala pambali panga n'kumandiwerengera chapansipansi. Mwamuna wa ku Nyasaland, wogwira ntchito m'dimba pa nyumba ina kum'mawa kwa tauni. Anagwa mumtengo akudula nthambi, anafera pomwepo. M'thumba munali chitupa cha dzina la Kassimu, mudzi wathu, mfumu yathu, zonse zolondola. Ine ndikumwetulirabe ngati chitsiru, ndikuganiza za felemu.

Kenako anafika pa pepala la dokotala. Msinkhu, zipsera, mano. Dzanja lamanzere, zala ziwiri palibe, bala lakale.

Ndinati abwereze. Anabwereza.

Che Kassimu zala zawo ndikuzidziwa, zinandisokera yunifolomu ya sekondale. Zonse zilipo.

Chimene chinandibwerera si nkhope ya Agogo, sindinaionepo. Ndi dzanja la Achimwene likulemba Ismaili m'buku la pakhomo lija. Kubwerekana kuja sikunayambe ndi mapasipoti. Agogo Selemani anabwera kuno ndi chitupa cha mlamu wawo. Boma la kuno silinasokoneze chilichonse. Munthu anafa, anawerenga chitupa chimene anali nacho, anatumiza uthenga kumudzi kwake. Uthengawo unafika. Ife tinauseka.

Sesi anafunsa ngati apitirize. Ndinavomera ndi mutu. Katundu wa m'kachipinda kake kuseri kwa nyumba: bulangete, mkeka waung'ono, mikanda ya pa chingwe (tasibihi yopempherera imeneyo, wolembayo sanaidziwe), ndi nsapato zatsopano za mwana wamkazi, zokulunga mu nyuzipepala. Abale sanapezeke. Anaikidwa ndi khonsolo, manda a nambala.

Ndiye kuti palibe anawasambitsa. Sanda panalibe. Palibe anawatembenuzira ku kibula kumene timayang'ana poswali, palibe anaima kuwaswalira. Ndipo ife ku Namwera tikuwonjezera mpunga pa mbale ya "malemu".

Inna lillahi wa inna ilaihi rajiun. Ndinainena mokweza, m'chipinda chija cha zii. Nkhalamba ina yachizungu inandipatsa tishu. Ndinkaiseka tsiku loyamba lija, yomwe ija ya ngolo ndi ng'ombe.

Achimwene ndawaonetsa madzulo pa shopu. Anawerenga fotokope ngati akumva Chiafrikaans. Anati, "Zala anthu ambiri alibe." Kenako anazimitsa makina. Potuluka kasitomala wina anawakuwira, "Sharp, Ismaili!" Anapitirira osacheuka.

Lachitatu, 29 Sepitembala

Ndinapempha Enifa kuti asaitane Amayi, aitane Che Kassimu okha. Anawabweretsa pa njinga. Ine ndili mu kontena ya mafoni pa Gezina, ndatseka khutu linalo ndi chala chifukwa cha matakisi.

"Salaam aleikum, Agogo."

"Waleikum salaam! Ndani, Safiya wa ku Joni? Ukulankhula ndi maliro, mwanawe, lankhula mwaulemu!" Kuseka kuja, ndi chifuwa chomwe. Ndinamva Enifa akusekanso kumbuyo.

"Agogo, chitupa chanu chija munabwereka ndani?"

Ndinayesa foni yaduka.

"Chitupa chanji?"

"Cha 1958. Mwini wake anali ndi zala zonse. Amene anafa nacho analibe ziwiri."

Ndinamva akuuza Enifa kuti atuluke kaye. Kenako mawu ena, osati a pa ukwati aja, aang'ono.

"Mzungu uja akanandimanga, mwanawe. Kubwereketsa chitupa unali mlandu. Ndinati ndikafika kumudzi ndikamuuza mlongo wanga. Ndinapeza anthu adzaza pakhomo, amva kale, akuseka. Ndinati ndinena mawa."

Mawa lake ndi limeneli, Amayi ali ndi imvi, Agogo aakazi anapita akutukwana mwamuna amene anali m'manda. Ndinali ndi mawu ambiri okonzeka, oipa, ndinawayeseza mu takisi. Sanatuluke. Munthu wa zaka zimenezo akupuma movutikira pa foni, ndimuuze chiyani chimene sakuchidziwa?

Anafunsa, "Anamuika bwino?"

Ndinati ayi.

Ndawauza chonchi, ndipo ndikulemba kuti ndisadzafewe. Shehe akufuna mboni, ndipo mboni si pepala langa la Chiafrikaans, ndi iwowo. Amayi ayenera kumva kuchokera pakamwa pa amalume awo, osati pa foni ya Enifa. Za nsapato ndidzawauza ndekha, zimenezo ndi zanga. Koma zoti bambo awo sanawataye, akanene ndi amene anabisa.

"Agogo, Lachisanu mukatuluka ku swala ya Juma mupite kwa Amayi, mutenge ndi shehe. Loweruka m'mawa ndiimba. Ndikufuna Amayi adzandiuze okha kuti mwafika. Mupita?"

Ndinangomva mpweya wawo, kenako Enifa akufunsa pakhomo ngati alowe.

"Agogo, ndikudikira. Loweruka lisadutse."