Ndinanyoza vinyo wa mwana wanga ndikuyesa ndi wa Mngerezi

Aphungu,

Chibadwire sindinalemberepo nyuzipepala, ndipo mkazi wanga akadziwa kuti ndalemba andiseka mpaka Khirisimasi. Koma poti kusekako anayamba kale, palibenso choti ndiope.

Ndine bambo wa zaka 63. Ndili ndi mahekitala asanu a mphesa zoyera pamtsetse wa kuno kwathu, munda umene anasiya agogo anga. Shampeni wanga, vinyo wathovu, amagona zaka zinayi m'chipinda chapansi, ndipo mabotolo ndimawapotoza ndi manja angawa tsiku ndi tsiku mpaka nsenga zonse zitatsikira kukhosi kwa botolo. Anzanga anagula makina, ine toto. Komanso kuno aliyense amadziwa kuti mphuno yanga sinama. Mundimange kumaso, ndikuuzani chaka chimene mphesazo zinathyoledwa.

Mwana ndili naye mmodzi, wamkazi, Solène. Anaphunzira zopanga vinyo ku Reims, kenako anakagwira ntchito zaka ziwiri ku England, kumene akuti nawonso ayamba kupanga vinyo wathovu mvula ikawapatsa mpata. Pobwera anabwera ndi chimunthu chachitali, chofiira makutu, dzina lake Barnaby, chimene chimapepesa ngakhale mpando chikaugunda. Kwawo ali ndi munda wa mphesa ku Sussex, ku England komweko. Tsiku loyamba kudya nafe anati, "Bambo, nthaka ya kwathu ndi ya choko, ngati yanu yomweyi." Ine ndinati, "Choko ali nacho ndi aphunzitsi omwe, koma sindinamvepo kuti amapanga shampeni."

Ukwati wawo uliko mu Juni. Mnyamatayo atapempha kuti paphwando padzakhale mabotolo angapo a kwawo, ndinamuuza poyera kuti vinyo wa Angerezi akadzalowa pachipata, ine ndidzatulukira pazenera.

Tsono pa Pasaka tinaitana anthu kudzadya nyama ya nkhosa. Panalinso Fernand, mwini munda woyandikana ndi wanga, munthu amene takhala tikupikisana kuyambira tili kusukulu. Tili mkati mwa kudya anati, "Mphuno yotchuka ija tiione lero. Mabotolo awiri awa, lina la pakhomo pano, lina la mkamwini. Utiuze." Mabotolowo anali atawakulunga m'nyuzipepala. Ine ndinaseka, ndinati thira.

Tambula yoyamba inali ndi fungo la buledi wongophula kumene, ndi kaapozi patali, thovu lake laling'onoling'ono, lokwera mwaulemu. Ndinaimirira. Ndinati, "Uyu ndi wathu. Mnyamata iwe, nunkhiza, uphunzire. Izi sizitheka kudziko la maambulera."

Yachiwiri ndinangonyambita. Ndinati, "Uyu ndi wowawasa ngati nkhope ya Mngerezi amene amumana tiyi. Amene anapanga izi ntchito saidziwa. Vinyoyu akatsukire mawindo, ndipo mwiniwakeyo akayese kugulitsa nsomba ndi tchipisi."

Fernand anavundukula mabotolo aja. Loyamba linali la ku Sussex. Lachiwiri linalibe chipepala, linangolembedwa S ndi choko. Aphungu, anali vinyo wa Solène. Zaka zisanu zapitazo ndinamupatsa kachigawo ka kumtunda kwa munda, kumene chisanu chimavuta, kuti aziyeserapo manja. Anapanga vinyo wakewake, wosathira shuga pomaliza, n'kumugoneka pakona ya chipinda chapansi. Ine ndinali nditaiwalako. Iye ankamusungira ukwati.

Fernand anaseka mpaka kutsamwa. Barnaby anati, "Pepani bambo," ngati ndiye walakwa, zimene zinandikwiyitsa koposa. Solène sanalire. Anapinda kansalu kake kopukutira pakamwa nati, "Zikomo Ababa, ndamva. Zaka zisanu ndakhala ndikudikira mawu anu pa botolo limeneli." Basi anatuluka.

Papita masabata atatu. Solène amandilankhula za ntchito zokha. Dzana anauza mayi ake kuti ukwati ukatha akakhala ku Sussex, poti apongozi ake amulonjeza kuti ndiye aziyang'anira zopanga vinyo zonse kumeneko. Kogula buledi ndikangolowa, anthu amayamba kufwenkha mphuno. Mkazi wanga Odile, m'malo mondiikira kumbuyo, akuti, "Amuna inu, mphunoyo muzingopumira basi."

Koma Aphungu, sabata imeneyo ndinali ndi chimfine. Matambulawonso ndikukayika kuti anawatsukuluza bwino sopo. Ndipo ndikuona kuti unali msampha. Kodi ndiitanitse kuti tilawenso, pamaso pa anthu omwe aja, kuti ndiyeretse dzina langa? Nanga kuukwati ndipite, kapena ndiwaonetse kuti ine si woseweretsa? Fernand ndimutseke bwanji pakamwa? Ndipo mwanayu akapitadi, mabotolo aja adzapotoza ndani? Zala zanga zayamba kuuma m'mawa.

G.L., Vertus

*

Bambo G.L.,

Pepani ndi chimfine. N'chachilendo ndithu chimfine chanucho: chinatseka mphuno koma pakamwa chinasiya pululu.

Tiyambe ndi nkhani yabwino. Mphuno yanu ili bwinobwino. Inanunkhiza vinyo wokoma n'kunena kuti ndi wokoma. Vuto n'loti wokomayo anali wa munthu amene munali mutamuweruza kale asanavule n'chipewa chomwe. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kameneka kakumetani pagulu, popanda madzi. Tambula yachiwiri ija simunailawe n'komwe, mwanena nokha kuti munangonyambita. Chipongwe chija munachikonzeratu kunyumba, munkangofuna poti muchitulire. Chinagwera mwana wanu.

Ndawerenga kalata yanu kawiri. Muli mphuno, muli sopo, muli Fernand, muli ogula buledi. Funso loti Solène akumva bwanji mulibe. Mwamukumbukira kumapeto, pamene mwasowa wopotoza mabotolo. Munthu anasunga ntchito ya manja ake zaka zisanu kuti adzakuonetseni, inu n'kumuuza pamaso pa bwenzi lake ndi anansi kuti akagulitse tchipisi. Msampha mukuunenawo unalipodi, koma nyambo yake inali kudzikuza kwanu, ndipo munaimeza mutaimirira.

Zolawanso pagulu iwalani. Mukalephera kachiwiri muyenera kusamuka m'mudzimo, ndipo mukakhoza mudzangotsimikiza kuti mukhoza kunyoza munthu woyenera. Palibe chimene mupindule.

Mawa m'mawa pitani kwa Solène, nokha, chimfine muchisiye pakhomo. Mupepese mawu aja, kupepesa kopanda "koma" kumchira. Mukatero mumupemphe botolo lina la S, mukhale naye pansi, mulawe monga mmene mumalawira vinyo wa munthu amene mumamuopa. Mumufunse chifukwa chake sanathire shuga, ndipo akamayankha musakonzekere yankho lanu, mumvetsere. Ngati vinyoyo akadali wowawasa kwa inu, nenani, koma monga mmisiri kwa mmisiri mnzake. Musamunamize kuti ndi uchi. Anaphunzira ku Reims, adzakugwirani bodza musanatsitse tambula.

Tsono funso limene simunafunse. Kodi munayamba mwamuuzapo mwanayu, ndi pakamwa panu, kuti mundawo udzakhala wake? Ku Sussex amupatsa makiyi. Inu munamupatsa kachigawo kovuta chisanu kaja, n'kuiwalako. Akanakhala mwana wamwamuna ndikukayika ngati akanayeserabe manja mpaka pano. Ngati mukufuna akhale, mupatseni mawu pa vinyo wa chaka chino, mawu enieni, oti akatsutsana nanu nthawi zina ake apambane. Kambiranani ndi mayi Odile, kenako mukalembetse zimenezi mwalamulo. Mayiwo muziwamvera, akuoneka kuti m'nyumbamo ndiwo ali ndi mutu.

Za Fernand n'zosavuta. Nthabwala imafa mwiniwake akayamba kuifotokoza yekha. Paukwatipo paikidwe vinyo wa mabanja onse awiri, wa Barnaby muthirire alendo ndi dzanja lanu, ndipo pa mawu anu munene kuti, "Uyu ndinamuvomereza ndisanadziwe n'komwe kuti ndikumuvomereza." Anthu adzaseka nanu, Fernand adzasowa chogulitsa. Mnyamatayonso mulekeni kumuzunza. Munthu wopepesa mipando sadzavutitsa mwana wanu.

Chenjezo langa ndi ili. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mukhoza kupepesa bwinobwino iye n'kupitabe, ndipo ndi ufulu wake. Kupepesa kwanu kusakhale chingwe chomumangira pamtsetsepo, chifukwa adzazindikira, ndipo ulendo uno sadzapinda kansalu, adzapinda zovala.

Kuukwati pitani. Mukajomba, chakudya chidzadyedwabe, nyimbo zidzaimbidwa, mpando wanu adzakhalapo Fernand. Koma zithunzi za tsikulo zidzakhala pakhoma zaka makumi anayi, ndipo tsiku lina mdzukulu wanu adzaloza n'kufunsa kuti agogo anali kuti. Adzafunsa m'Chingerezi, bambo, ndipo sipadzakhala wokumasulirani.

Phungu wanu