Madzi a Msana Amene Sanapopedwe

Amama, kodi kumeneko kwacha bwanji?

Kuno ku Champhira tilipo, ine ndabwera patchuthi. Mng'ono wanga Tiwonge wabereka mwana wamkazi, mphuno ndi yanu yomwe. Chimanga chachita bwino, koma fodya wa achimwene anang'ambika ndi matalala. Nkhuku zanu zinatha ndi chitopa, yatsala yamakani ija yokha.

Ntchito ikadali yomwe ija ya mbewa zoyera, imene munkandiseka nayo kuti, "Sukulu yonse ija, mbwenu kukaweta ndiwo!" Sindinakufotokozereni bwino zimene ndimachita. Mbewa ndimaigoneka ndi mankhwala, kuimeta pankhongo, kenako ndi kagalasi kowonda ngati singano ndimatenga timadzi toyera tozungulira ubongo. Kadontho kokha. Kakakhudzana ndi magazi, ntchito yawonongeka. Akatswiri amayeza timadzito pofufuza matenda a ubongo, ndipo amati kuntchito konse kulibe wa dzanja lofatsa ngati langa.

Akandiyamikira choncho, Amama, ndimachita manyazi.

Tsiku lija kuchipatala, khosi lanu litauma, inu osatizindikiranso, dokotala anapempha kuti akupopeni madzi a msana, omwe aja amazunguliranso ubongo, kuti adziwe matenda. Amalume anakana kwamtuwagalu, ati wopopedwa sabwerako wamoyo. Dokotala anayang'ana ine, poti ankadziwa ntchito yanga. Ndinkadziwa kuti kupopako sikupha, chimapha ndi kuchedwa. Koma ndinaopa kuti mukatisiya mutapopedwa, mudzi wonse udzati wakupha ndi mwana wake wophunzira uja. Ndinangowerama. Anakupatsani mankhwala mongoganizira, ndipo patatha masiku anayi munapita.

Mwina simukanachira ngakhale akanakupopani, sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinateteza dzina langa, osati moyo wanu. Munkakonda kundiuza kuti manyazi anapha lambe, ine n'kumangoseka.

Mpaka lero amalume amandithokoza kuti ndinalemekeza akulu, ndipo sindinawatsutsepo. Loweruka lino abale akumana kuti tikambirane za chiliza chanu. Ndikukulonjezani kuti ndidzaimirira n'kunena zonsezi amalume ali pomwepo, kuti wina akadzauma khosi pabanja pano, dokotala asadzakanizidwenso. Akafuna kundinena, andinene.

Ndimakukondani, Amama. Mundikhululukire.

Ndine mwana wanu,
Lusungu