Jezi ya Vern Mwaichapiranji?

Alamu a Darlene,

Ndatenga galimoto yanu, yanga yakana kulira ndi kuzizira kumeneku. Kapu yanu yamaluwa ija ndaswa. Pepani, ndimagenda TV koma ndaphonya. Musayende opanda nsapato pabalaza.

M'mawa uno ndaoneranso mpira wadzulo, wachimereka wogwetsana uja. Otchinga athu alola mapointi 38! Woponya mpira wa adani sanamugwetse ngakhale kamodzi, ankangoima n'kumasankha womuponyera ngati akugula zinthu m'sitolo. Nanga wosewera wathu wovala nambala 24 ankaimiranji mayadi khumi kumbuyo pomwe adani akufuna kusuntha mayadi atatu okha kuti mpira ukhalebe wao? Anamuuza ndani? Kanemayo ndabwezera kasanu, sindikumvetsabe.

Kenako ndapeza jezi ya malemu mchimwene wanu Vern, ija ndinaisowa dzulo mpira usanayambe, m'makina oumitsira zovala, ikununkhira sopo. Mwaichapa! Zaka zinayi ndakhala ndikuivala tsiku lililonse lampira osaichapa, monga ankachitira mwini wake, ndipo sitinachinyidwepo chonchi. Paja munkati, "Loretta, chovala ichi chikununkha ngati galu wonyowa." Eya, linali fungo la mwamuna wanga limenelo.

Ndapita kwa a Dwight, anzake a Vern aja ankaphunzitsa mpira kusekondale, akandiuze mosabisa: wolakwa ndi kochi kapena inuyo? Akati kochi, ndibwera ndi madonasi. Akati inuyo, kapuyo musaifunsenso.

Jeziyo ndaikulunga pamodzi ndi chipewa chakale cha Vern m'kabati, mwina itengako kafungo kotsalako. Kabatiyo musatsegule, alamu, chonde.

Loretta